Tchizi cha ku Ulaya ndi cha ku America, Tikachiyang'ana Tili M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mkaka sudikira munthu. Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Mponela, ku Madisi kapena m'zitunda za Ntchisi akakama m'mawa, amakhala ndi maola ochepa oti chigubu chikafike kumalo osonkhanitsira mkaka. Kumeneko amauyeza ngati sunayambe kusasa ndiponso ngati simunathiridwe madzi, kenako n'kuutsanulira m'thanki yoziziritsira. Njinga ikaphulika tayala panjira, kapena magetsi akathima thankiyo n'kusiya kuzizira, thukuta lonse lomweta nsenjere, kugula madeya ndi kutunga madzi limapita pachabe. Ena amaupulumutsa poupanga chambiko, komatu nachonso chambiko masiku ake ndi owerengeka.

Vutoli si lathu lokha ndipo si la lero. Oweta ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi m'mayiko ambiri anakumana nalo kalekale, ndipo yankho lawo linali tchizi. Mkaka amayamba ausasitsa pang'ono, monga zimakhalira popanga chambiko, kenako amathiramo rennet, yomwe kale inkachokera m'chifu cha thole loyamwa koma lero imapangidwanso m'mafakitale. Mkakawo umagwirana n'kulimba. Amaudula tizidutswa kuti madzi atuluke, chotsalacho n'kuchifinya m'chikombole, kuchithira mchere ndi kuchisunga. Malita pafupifupi 10 a mkaka wa ng'ombe amatulutsa kilogalamu imodzi ya tchizi cholimba. Mkaka womwe ukanatayidwa mawa umasanduka chakudya chokhala miyezi, mwinanso zaka.

M'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe tchizi chomwe chimapezeka kwambiri ndi Cheddar ndi Gouda, ndipo chambiri chimachokera ku South Africa. Mayina onse awiri ndi a ku Ulaya, chifukwa Cheddar ndi mudzi wa ku Somerset ku England, pomwe Gouda ndi tawuni ya ku Netherlands. Koma kapangidwe ka chambiri mwa icho, ka m'mafakitale akuluakulu otulutsa zidina zofanana tsiku ndi tsiku, ndi komwe America anakakulitsa. Ndiye mkangano wakale uja, woti chokoma ndi cha ku Ulaya kapena cha ku America, ife tili nawo kale pambale, ngakhale ambiri mwa ife tchizi timangochilawa pa pitsa mwa apo ndi apo.

Ndiyambe ndi Ulaya, ndipo ndiyambe kumapiri, poti kumeneko nkhani yake ikufanana ndi yathu. M'mapiri a Jura, kum'mawa kwa France kufupi ndi malire a Switzerland, amapanga tchizi chotchedwa Comté. Chigulumwa chimodzi chimalemera pafupifupi makilogalamu 40 ndipo chimamwa malita pafupifupi 400 a mkaka. Kale panalibe mlimi wa m'mapirimo amene akanakama wochuluka chotere pa tsiku, choncho kuyambira m'zaka za m'ma 1200 anthu a m'mudzi umodzi ankaphatikiza mkaka wawo pamalo amodzi, omwe amawatcha fruitière, n'kumagawana phindu malinga ndi mkaka womwe aliyense wabweretsa. Mpaka lero malo oterewa alipo pafupifupi 140, ndipo ambiri eni ake ndi alimi okhaokha. Aliyense amene anaonapo mzere wa njinga ndi zigubu pamalo osonkhanitsira mkaka (bulking group) m'mawa, kapena amene anamvapo za kopaletivi ya alimi a mkaka ya Mwera Mkaka ku Ntchisi, dongosolo limeneli sangalione lachilendo. Kusiyana n'kwakuti ambiri mwa athuwa amasonkhanitsa mkaka kuti galimoto ya kampani idzautenge kupita nawo mumzinda, pomwe a ku Jura amausandutsa tchizi pomwepo, phindu lalikulu n'kutsala kumudzi.

Malamulo a Comté ndi okhwima. Ng'ombe zake zimakhala za mitundu iwiri yokha, Montbéliarde ndi Simmental ya ku France. Zimadya msipu m'nyengo yotentha ndi udzu wouma m'nyengo yachisanu, ndipo udzu wofutsa wa silage ndi woletsedwa. Mkaka suwiritsidwa ndipo sutengedwa kutali ndi fruitière yake. Chigulumwa chimagona m'chipinda chozizira miyezi yosachepera inayi, ndipo zina zimapitirira chaka, akuzitembenuza ndi kuzipukuta ndi mchere. N'chifukwa chake Comté cha m'mudzi wina chimasiyana kakomedwe ndi cha m'mudzi woyandikana nawo, ndipo chopangidwa ndi mkaka wa nthawi ya msipu chimakhala chachikasu kuposa cha nthawi ya udzu wouma. Kwa eni ake kusiyana kumeneko si vuto loti akonze, ndi chomwe akugulitsa.

Ku Italy kuli Parmigiano Reggiano, chomwe chimapangidwa m'zigawo za Parma, Reggio Emilia, Modena ndi mbali zina za Bologna ndi Mantua basi. Muli zinthu zitatu zokha: mkaka, mchere ndi rennet. Chigulumwa chimodzi chimafuna malita pafupifupi 550 ndipo sichigulitsidwa ndi dzinalo chisanathe miyezi 12. Nthawiyo ikakwana, katswiri wa bungwe la opanga tchizichi, lomwe linayamba mu 1934, amachigogoda ndi kanyundo n'kumamvetsera ngati mkati mulibe ming'alu, ndipo chikapambana amachidinda ndi chidindo cha moto. Kum'mwera kwa France kuli Roquefort, cha mkaka wa nkhosa, chomwe chimakhwimira m'mapanga a phiri la Combalou ndipo chimakhala ndi mizere ya nkhungu yobiriwira yomwe amaiikamo dala. Dzina lake linatetezedwa ndi lamulo mu 1925, ndipo mu 1992 bungwe la mayiko a ku Ulaya linakhazikitsa dongosolo loteteza mayina a zakudya zomangika ku dera lake. Mmalawi izi amazimvetsa msanga akaganizira mpunga wa Kilombero wa ku Karonga: fungo lake limadalira mbewu, dothi ndi madzi a kumeneko, ndipo wogula amamva kuwawa akapeza kuti m'thumba lolembedwa dzinalo asakanizamo mpunga wina.

America anayenda njira ina, ndipo anali ndi zifukwa zake. Anthu ochokera ku England, Germany, Switzerland, Italy ndi kwina anapita ndi luso lawo la tchizi, koma anapeza dziko lalikulu, mizinda yotalikirana ndi mafamu, ndi ogula ofuna chakudya chotsika mtengo chomwe sichisinthasintha. Mu 1851 mlimi wina dzina lake Jesse Williams anatsegula fakitale ya tchizi ku Rome, m'chigawo cha New York, n'kumatenga mkaka wa alimi oyandikana naye kuti aziupangira pamodzi mofanana. Kenako kunabwera James L. Kraft, wobadwira ku Canada, yemwe anayamba kugulitsa tchizi pangolo yokokedwa ndi hatchi ku Chicago mu 1903. Chomwe chinkamudya phindu n'chomwechi chimadya mlimi wathu: katundu kuwonongeka asanagulidwe. Mu 1916 analandira chiphaso cha umwini wa njira yosungunula tchizi pamoto ndi kuchitakasa mpaka tizilombo tonse titafa, n'kuchitsekera m'zitini. Boma la America linagula chochuluka kudyetsa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo mu 1950 kampani yake inayamba kugulitsa chodulidwa kale m'timapepala topyapyala toika pa buledi. Pano ndinene chinthu chomwe okonda kunyoza America amachiiwala. Oyamba kupanga tchizi chosungunula chotere anali Walter Gerber ndi Fritz Stettler a ku Switzerland, mu 1911, pakati penipeni pa Ulaya.

Tchizi chosungunulachi ndi chomwe anthu ambiri amaganiza akamva za tchizi cha ku America. Amasakaniza tchizi chenicheni, kawirikawiri Cheddar kapena Colby, ndi zinthu zina za mkaka, madzi ndi mchere wapadera wothandiza kuti mafuta asapatuke chikatenthedwa. Malamulo a kumeneko amasiyanitsa mayina ake malinga ndi kuchuluka kwa tchizi chomwe chilimo, moti chotchedwa cheese food chimayenera kukhala ndi tchizi chosachepera magawo 51 pa 100 alionse. Koma kuweruza America yense ndi timapepala timeneti n'kulakwa. Dzikolo limapanga matani oposa 6 miliyoni a tchizi pa chaka, kuposa dziko lina lililonse palokha, ndipo chochuluka ndi mozzarella ya pa pitsa ndi Cheddar. Chigawo cha Wisconsin chokha chimapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kumeneko munthu sapanga tchizi chogulitsa popanda laisensi ya ukatswiri. Colby chinabadwira komweko mu 1885, Monterey Jack ku California. Mu 2019, pa mpikisano wa World Cheese Awards womwe unachitikira ku Bergamo ku Italy, tchizi chomwe chinaposa zonse chinali Rogue River Blue cha ku Oregon, chokulungidwa m'masamba a mphesa. Kanali koyamba kuti cha ku America chitenge ulemu umenewo, ndipo chinautengera pakhomo pa eni luso.

Mfundo ziwiri ndi zomwe zimalekanitsadi mbali ziwirizi. Yoyamba ndi ya mkaka wosawiritsa. Kuyambira mu 1949 lamulo la America limati tchizi cha mkaka wosaphedwa tizilombo chisagulitsidwe chisanathe masiku 60, ndipo chifukwa cha ichi tchizi chofewa chosakhalitsa monga Camembert de Normandie sichiloledwa m'masitolo a kumeneko. A ku France amati tizilombo tachilengedwe ta mumkaka ndi tomwe timabweretsa fungo la dera, a ku America amati moyo wa wakudya ndiwo uyambe. Yachiwiri ndi ya dzina. Kwa Mtaliyana, Parmigiano ndi malo ake, ng'ombe zake ndi malamulo ake. Ku America, parmesan ndi kapangidwe chabe komwe aliyense angatsate kulikonse, ndipo mu 2023 khoti la apilo kumeneko linagamula kuti dzina loti gruyere nalonso lingagwiritsidwe ntchito ndi aliyense, ngakhale opanga a ku Switzerland ndi France anadandaula.

Nanga chokoma n'chiti? Ine ndiyankha mosabisa: chodya chokha, popanda kuchiphika kapena kuchibisa m'chakudya china, tchizi chokhwima cha ku Ulaya chimapambana, ndipo pa zonse zomwe ndinalawapo Comté chopitirira chaka ndi chomwe ndimachiika patsogolo. Chikangofika pa lilime umamva batala, kenako mtedza wokazinga, kenako kakutsekemera kakutali, ndipo ukameza kukomako kumatsalabe m'kamwa. Parmigiano cha zaka ziwiri chimanyenyeka m'malo moduka, chili ndi timibulu tolira m'mano, ndipo mchere wake umabwera ndi kukoma konga kwa msuzi wa nyama wowira nthawi yaitali. Kachidutswa kakang'ono kamakwana. Gouda chokalamba, chomwe chachita bulauni n'kulimba, n'chosiyana kutali ndi Gouda chofewa cha m'masitolo mwathu, moti wosauzidwa sangakhulupirire kuti dzina lake ndi limodzi. Zonsezi zimachokera ku nthawi. M'miyezi ija, mafuta ndi zomanga thupi za mumkakamo zimasweka pang'onopang'ono n'kubala fungo ndi kakomedwe komwe fakitale yothamangira msika singadikire.

Roquefort ndi anzake a nkhungu ndimawalemekeza, koma sindingauze munthu amene sanazolowere tchizi kuti ayambire pamenepo. Ife tinaleredwa kuti chakudya chikachita nkhungu n'chotaya, ndipo phunziro limenelo n'labwino, chifukwa nkhungu ya m'chimanga ndi mtedza imadwalitsa. Nkhungu ya Roquefort ndi ya mtundu wina, yosankhidwa ndi yosavulaza, komabe fungo lake ndi lamphamvu, mchere wake ndi woluma, ndipo mphuno ya munthu siisintha tsiku limodzi.

Pophika, chigamulo chimatembenuka. Ikani Parmigiano pa buledi wotentha, sichisungunuka bwino. Ikani Cheddar chokalamba kwambiri, mafuta amapatuka n'kuyandama. Kapepala ka tchizi chosungunula kaja kamayenderera bwinobwino n'kukuta nyama ya m'baga, ndipo kamatero lero, mawa ndi chaka chamawa mosasintha. Kakomedwe kake n'kosazama, mkaka ndi mchere basi, ndipo kamatha msanga m'kamwa, koma ntchito yomwe kanapangidwira kamaigwira. Monterey Jack ndi Colby n'zofatsa, zofewa, ndipo mwana amazilandira osachita tsinya. Cheddar chokhwima cha ku Vermont kapena Wisconsin chimaima bwino pambali pa cha ku England. Ndikaika zonse pamodzi, Ulaya ali ndi mitundu yambiri yozama kakomedwe ndipo munthu wamba kumeneko amaipeza pamsika wa m'tawuni yake, pomwe ku America chabwino kwambiri chilipo koma n'chochepa ndi chodula, ndipo chomwe chimadzaza mafuliji a anthu ndi chija chofatsa.

Tsopano tibwerere kumapiri kwathu, poti ine funso londivuta si la lilime lokha. Ulimi wathu wa mkaka uli ndi mbali zonse ziwiri m'magazi mwake. Ng'ombe zomwe zili m'makola a alimiwa ndi za mtundu wa Friesian, wochokera ku Netherlands ndi kumpoto kwa Germany, ndi Jersey, wochokera pa chilumba cha dzina lomwelo, kapena zosakanizidwa ndi ng'ombe zathu za makolo zomwe zimapirira matenda koma mkaka wake ndi wochepa. Thandizo lina lofalitsa ng'ombezi linachokera ku America, kudzera m'mabungwe monga Land O'Lakes, yomwe kwawo ku Minnesota ndi kopaletivi ya alimi a mkaka, ndi Heifer International, pa ndondomeko ija yoti wolandira ng'ombe apatsire mnzake thole loyamba lalikazi. Ngakhale zili choncho, Mmalawi mmodzi pa chaka amamwa mkaka wosafika malita 10 tikagawa mofanana, womwe ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mayiko ambiri. Wina anganene kuti dziko lotere lilibe chifukwa choganizira za tchizi, ana ayambe amwa mkaka. Mawu amenewo ali ndi nzeru ndipo sindikuwatsutsa. Koma mkaka womwe ndikunena ine ndi uja wobwezedwa chifukwa galimoto sinabwere, uja wamadzulo wosowa kopita, ndi uja wa m'dzinja womwe umachuluka msewu uli matope okhaokha.

Njira ya America, ya fakitale yaikulu, imafuna mkaka wambirimbiri wotsika mtengo, magetsi osathima ndi magalimoto oziziritsa. Pa mpikisano umenewo mlimi wa ng'ombe ziwiri ku Ntchisi sangapose mafamu a ku South Africa. Njira ya ku Jura, ya alimi ang'onoang'ono a kumapiri ophatikiza mkaka, ndi yomwe ikugwirizana ndi momwe tilili kale. Nyengonso ikutikomera pang'ono, chifukwa mapiri a Dowa ndi Ntchisi amapitirira mamita 1,600 ndipo mu June ndi July kumazizira ndithu, ngakhale kutentha kwa October kungafune chipinda chomangidwa mwanzeru.

Umboni woti zingatheke m'mapiri a mu Africa tili nawo pafupi. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa lomweli, komwe msasa wa othawa kwawo unatsegulidwa mu 1994, kuli anthu ambiri ochokera kum'mawa kwa Congo, Rwanda ndi Burundi, mayiko omwe mkaka ndi chakudya cholemekezeka. M'mapiri a Masisi, m'chigawo cha North Kivu kum'mawa kwa Congo, amapanga tchizi chozungulira chachikasu chonga Gouda, chodziwika ndi dzina la mzinda wa Goma, ndipo chimagulidwa mpaka ku Kinshasa. Luso lake linachokera ku Ulaya koma linazika mizu m'manja mwa anthu a kumeneko, m'timafakitale tating'ono, ndipo lapirira zaka zambiri za nkhondo. Anthu oleredwa ndi chakudya chimenechi tili nawo pafupi, mtunda wochepa chabe kuchoka pa boma la Dowa, ndipo ndi ogula oyamba omwe aliyense woyesa ntchitoyi angawaganizire, pamodzi ndi mahotela ndi malo odyera a ku Lilongwe.

Komabe pali ziwiri zomwe sitingatengere Ulaya mwachimbulimbuli. Pa nkhani ya mkaka wosawiritsa, ine ndili mbali ya America. Comté chimapangidwa ndi mkaka wosawiritsa chifukwa ng'ombe zake zimayezedwa kawirikawiri ndipo ukhondo umalondoledwa kuchokera kubere mpaka kuchikombole. Kwathu kuno chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda opititsa padera a brucellosis, omwe amagwiranso anthu kudzera mumkaka, sanathe. Tchizi chathu chiyenera kuyamba ndi mkaka wotenthetsedwa mokwanira, kakomedwe kangachepe bwanji.

Chachiwiri ndi ndalama. Tchizi chogona miyezi 12 ndi ndalama yogona miyezi 12. Ku Italy anapeza njira, moti banki ya Credito Emiliano imalandira zigulumwa za Parmigiano ngati chikole cha ngongole n'kumazisunga m'nkhokwe zake mpaka zitakhwima. Mlimi wathu, yemwe ndalama ya mkaka ya mwezi uno ndi ya fizi ya mwana ndi thumba la feteleza, akakana kudikira sitingamunene, paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Choncho chomwe chingayambe kuno si Comté kapena Parmigiano ayi, koma mitundu ya ku Ulaya wotentha, ya kunyanja ya Mediterranean. Feta cha ku Greece, chomwe kwawo chimapangidwa ndi mkaka wa nkhosa ndi wa mbuzi pang'ono, chimasungidwa m'madzi a mchere ndipo chimakhwima m'miyezi iwiri. Halloumi cha ku Cyprus chimatheka m'tsiku limodzi, sichisungunuka pamoto, ndipo chimawotchedwa pamakala kapena kukazingidwa mpaka kufiira, kadyedwe komwe sikangamudabwitse munthu wozolowera za pachiwaya. Mayina awiriwa ndi otetezedwa ku Ulaya, ndiye chathu chingafune dzina lakelake, la phiri kapena la mudzi womwe chachokera. Kuwawasa kwa tchizi choyera cha m'madzi a mchere sikuli kutali ndi kwa chambiko, ndipo lilime lathu lingachilandire msanga kuposa cha nkhungu chija.

Ngakhale madzi otsala pofinya, omwe amakhala pafupifupi malita 9 pa malita 10 alionse a mkaka, sangatayidwe. Ku Parma akhala akudyetsera nkhumba madzi amenewa kwa zaka mazanamazana, ndipo dera lomwelo limatchukanso ndi nyama ya nkhumba youmitsa. Ku Dowa ndi Ntchisi makola a nkhumba ali m'midzi yambiri, ndipo eni ake amalimbirana madeya omwewo ndi alimi a ng'ombe za mkaka.